Denga Limene Atate Amatseka ndi Dzanja Limodzi

Atate anabwera kudzakhala nafe chaka chimene tinasamukira pa puloti yathu ya ku Chalimbana. Nyumba inali isanathe bwino, ndipo kuseri kwake kunali simenti yongoyala pamene tinkati tidzaikapo khonde mtsogolo. Matenda anawagwirira kumunda, kwathu ku Kasisi, ndipo atatuluka m'chipatala dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinali zitafooka. Kulankhula kunabwerera, nzeru zinali zonse, koma khasu analisiya. Mlongo wanga anatsala akusamalira munda, ine ndinatenga atate.

Munthu amene wakhalira panja moyo wake wonse sakhazikika m'chipinda. Kukangocha ankafuna mpando wawo utuluke. Ine ndimasoka mayunifomu a ana asukulu pakhomo pomwepo, choncho ntchito yonyamula mpandowo inali yanga. M'mwezi wa Juni ankafuna dzuwa, ndiye ndinkawakhazika pa simenti paja. Likakwera ankati likuwawotcha pamutu, ndiwasunthire ku mthunzi wa khoma. Kumthunziko mphepo inkawalowa m'mwendo wodwala uja, ndiye tibwerere. Sankadandaula mokweza. Ankangotsokomola pang'ono, ine n'kusiya makina.

Amuna anga amagwira ntchito ya boma ku Lusaka, amachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Iwo ndi atate ankapatsana ulemu wa patali, monga zimakhalira pa chipongozi. Moni wokha, kufunsana za thupi, basi. Chilichonse choposa apo chinkadzera mwa ine, ngakhale onse awiri atakhala pamalo amodzi.

Tsiku lina anabwera kuchokera ku msonkhano wa kuntchito, umene unachitikira pa hotela ina, ali ndi kanema m'foni. Anandionetsa denga la pakhonde lopangidwa ndi timapepala ta chitsulo tataliatali, toyalidwa motsatizana. Munthu wina anadina batani, timapepalato tinaimirira chammbali, dzuwa n'kulowa. Anadinanso, tinagona pansi n'kutsekana ngati denga wamba.

"Ichi ndiye chifunika batate," anatero. "Akafuna dzuwa, atsegula. Akafuna mthunzi, atseka. Iwe usoka chabe."

Atafufuza mtengo wake, nkhani yogula inathera pomwepo. Koma amuna anga ndi munthu amene akaona chinthu sagona nacho tulo. Anati tipanga chathu.

Anayamba ndi mapulanga. Anaimika nsanamira zachitsulo, pamwamba n'kuyala mapulanga opyapyala, lililonse lili ndi msomali waukulu mbali zonse ziwiri woti lizizungulirapo. Kumapeto kwake analumikiza onse ndi kamtengo kamodzi kuti ukakankha kamodzi azitembenuka pamodzi. M'chilimwe chinagwira ntchito ndithu. Ndinkatuluka ndi mtengo wa tsache, n'kukankha kamtengo kaja, mizere ya dzuwa n'kugwera pa miyendo ya atate. Iwo ankangoyang'ana m'mwamba, koma kutsokomola kuja kunachepa.

Mvula yoyamba ndiyo inatiphunzitsa. Madzi ankadutsa pakati pa pulanga ndi linzake n'kumagwa m'mizere yowongoka ngati munthu wachita kuyeza. Bulangete la atate linanyowa tisanawalowetse. Mvula itagwa kangapo mapulanga anafufuma, ena anapindika, ndipo kamtengo kolumikiza kaja kanakana kusuntha. Denga linangokhala theka lotseka theka lotsegula mpaka mvula inatha. Dzinja lonselo atate analithera pa windo la pabalaza, akuyang'ana chimanga cha aneba athu. Ankadya pang'ono. Ndinkawaona akuchepa m'malaya.

Itatha mvula amuna anga anapita kwa bambo wina wowotcherera zitsulo pa msika wa ku Chongwe, amene anatipangira geti. Bamboyo anali asanapangepo denga lotere, koma anachita nalo chidwi. Loweruka lililonse ankabwera kwathu pa njinga, awiriwo n'kukhala pansi ndi makatoni odula, kuyesa kapindidwe ka malata. Ankatsutsana mwaulemu, wina akathira madzi a m'ketulo pa katoni, wina akuyang'ana kunsi. Nthawi zambiri onse awiri ankanyowa mawondo.

Vuto linali pokumanira. Malata awiri akangogonerana, madzi amapeza njira. Tsiku lina ndikuwapatsa tiyi ndinaona amuna anga atapinda m'mphepete mwa katoni imodzi chokweza, inzake chotsitsa, akuyesa kuzikoletsa. Ndinati zikufanana ndi msoko wa m'mbali mwa buluku, umene nsalu ziwiri zimakumbatirana. Ndinabweretsa buluku losoka theka, tonse n'kuliyang'ana. Wowotchererayo anati ngati mphepete yokwezayo aipinda mozama, ikhala ngati kangalande, madzi odutsa azitsetserekera kumapeto m'malo mogwa pansi. Amuna anga anawonjeza zoti pokumanirapo amatepo mphira wodula ku machubu akale a galimoto. Aliyense anaikapo kake.

Malata atapindidwa n'kukwezedwa, tinayesa ndi paipi ya madzi. Pansi panali pouma. Tinasangalala, koma chisangalalocho chinatha ndi mphepo ya Ogasiti. Kuno kwathu mitengo inatha ndi makala, mphepo imabwera yosatchingidwa. Inkalowa kunsi n'kunyamula malata aja, onse n'kumagubuduka ngati mbale zogwa pa thandala. Mpiringidzo umene anaika kuti uzigwira chitsulo cholumikiza unkasiya mpata, ndipo mphira sunkapanikizika. Tinayesa waya, tinayesa chingwe. Kuti utseke zolimba unkafunika manja awiri ndi phewa. Ine ndemwe ndinkavutika nacho, nanji atate.

Loweruka lina amuna awiri aja atatopa, atakhala pansi pa denga lawo, atate anandiitana.

"Uwauze apongozi," anatero, amuna anga ali pomwepo, "kuti kumunda kuli ngolo yanga yakale. Kumbuyo kwake kuli chopukusa cha buleki. Chija ukamanga sichibwerera chokha, ngakhale ngolo yadzaza chimanga pa mtsetse."

Amuna anga sanadikire kuti ndibwereze. Anatembenuka n'kuwafunsa okha.

"Chimamanga bwanji, batate?"

Atate anakweza dzanja lamanja n'kuyamba kuzunguza m'mwamba, akufotokoza za chitsulo chachitali chokhala ndi mizere yozungulira ngati bawuti wamkulu, chimene chimakoka pang'onopang'ono mpaka matabwa a buleki akanikiza matayala. Anati ankachipukusa ndi dzanja limodzi, linalo atagwira chingwe cha ng'ombe. Analankhula nthawi yaitali kuposa mmene ndinawamvera chibwerereni kwathu. Wowotcherera uja ankajambula pansi ndi kamtengo.

Ndinaganiza kuti tingotuma mlongo wanga achimasule n'kutitumizira. Atate anakana. Anati mwanayo achithyola, apita okha.

Tinapita Lamlungu titatuluka ku Misa. Kanali koyamba atate kubwerera kumundako chidwalireni, ndipo ndinali ndi mantha ndi mmene akachionere. Titadutsa pa mishoni anavula chipewa monga ankachitira kale, n'kuchivalanso. Pakhomo mlongo wanga anali atasintha zinthu zingapo. Khola analisuntha, ndipo pamene atate ankadzala mtedza panali tomato wothirira. Atate anaima ndi ndodo yawo m'mphepete mwa dimbalo nthawi yaitali. Kenaka anafunsa kumene madzi amachokera, mlongo wanga n'kuwaonetsa pampu yoyendera dzuwa. Anagwedeza mutu.

"Walima bwino," anatero. Mlongo wanga anayang'ana kumbali, akupukuta manja pa buluku.

Ngolo inali pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira m'kati. Chopukusa chija chinali chofiira ndi dzimbiri. Amuna anga anagona chagada pa fumbi ndi zovala zawo za kutchalitchi, atate atakhala pa chitsa akuwauza bawuti woyambira. Anathira oilo wakuda, anagogoda, anadikira, anagogodanso. Chitamasuka anachipereka kwa atate, iwo n'kuchiika pamiyendo. Pobwerera anachigwira chomwecho njira yonse, ndipo oilo anadetsa buluku lawo labwino.

Wowotcherera anachitsuka n'kuchimangirira pa nsanamira ya kudzanja lamanja la mpando wa atate. Anayeza msinkhu atate atakhala pansi, kuti chogwirira chifike pamene dzanja lawo limafika osadzuka. Kuchokera apo chitsulo china chinakwera m'mwamba kukakoka chija cholumikiza malata onse. Ukapukusira kumanja malata amagona pang'onopang'ono, mphepete n'kulowana, ndipo pomaliza umamva kulimba m'dzanja pamene mphira wapanikizika. Ukasiya, chimakhala pomwepo. Ukapukusira kumanzere amadzuka, ndipo ukhoza kuwaimitsa paliponse, kaya ufuna dzuwa lochepa kaya lambiri. Mphepo inabwera sabata yomweyo, denga silinayankhe.

Kuyambira pamenepo mpando sunasunthenso. M'mawa atate ankatsegula kwambiri kuti awothe. Dzuwa likakwera ndinkamva kulira kwa chitsulo ndili pa makina, kwii, kwii, ndiye ndadziwa kuti akuchepetsa. Ndinayamba kuwapatsa masamba a maungu ndi a nyemba kuti ndiyanike pambali pawo, chifukwa iwo ankadziwa dzuwa lokwanira mfutso, ndipo nkhuku zinkawaopa ndodo.

Mvula yeniyeni inatipeza tili ndi alendo. Amayi a mphakati wathu, kagulu ka Akhristu oyandikana nyumba, ankabwera nthawi zina kudzapemphera ndi atate popeza kutchalitchi sankapita kawirikawiri. Tsiku limenelo kunali kotentha, tinayala mphasa pakhondepo, denga lili lotsegula. Tili pakati pa pemphero la kolona kunada chakum'mawa, mphepo yozizira n'kufika ndi fungo la dothi. Amayi ena anayamba kusonkhanitsa zitenje ndi mabuku a nyimbo.

"Khalani chabe," anatero atate. "Pitirizani."

Anagwira chopukusa n'kuyamba kuzunguza, osafulumira, milomo ikutsatirabe pemphero. Madontho oyamba anagwa pa mphasa. Mayi wina amene anakhala kumapeto anaphimba mutu ndi buku. Mizere ya kuwala inkachepa pansi, kuchepa, mpaka inatha, ndipo atate anakoka komaliza ndi phewa lonse. Pomwepo mvula inakhuthuka. Phokoso la pamalata linali lalikulu moti wotsogolera pemphero sankamveka, ndiye tinangoyamba nyimbo. Madzi ankathamanga m'tingalande tija, kugwera m'ngalande yaikulu ya m'mbali, n'kutsikira mu diramu imene tinaika pakona. Aliyense ankaimba maso ali kudenga.

Panadontha malo amodzi, pakona ya kumadzulo pamene lata lomaliza limakumana ndi khoma. Mayi wokhala pamenepo anangosendera, ine n'kuikapo beseni. Mvula itadula amayiwo sanafulumire kupita. Ankabwera mmodzimmodzi kudzagwira chopukusa, atate akuwalola kuzunguza pang'ono, kenaka n'kubweza pamene iwo anasiyira.

Madzulo amenewo amuna anga atafika, atanyowa kuchokera pa siteji ya basi, sanalowe m'nyumba. Anapita molunjika kukhonde n'kugwada kukhudza simenti.

"Pakona paja padontha," atate anawauza. "Pafunika kachidutswa kena ka lata kophimba, kolowa m'khoma."

"Tizaona Loweruka, batate. Koma kwina konse kuli bwino?"

"Kuli bwino. Khalani pansi, mwatopa."

Anakhala. Ndinawabweretsera tiyi komweko ndipo ndinawasiya akukambirana za kachidutswa kaja.

Pakonapo anapakonza, ngakhale mvula ikabwera ndi mphepo ya kumadzulo pamalowabe timadzi. Mphira umauma ndi dzuwa la Okutobala n'kuyamba kung'aluka, choncho chaka chilichonse mvula isanayambe timadula wina. Masamba ndi zisa za mavu zimatseka tingalande, ndipo amuna anga amakwera pa makwerero kukachotsa, atate akuwalozera ndi ndodo kuchokera pansi. Girisi wa chopukusa amapaka okha atate, ndi chala, ndipo salola wina.

Aneba athu awiri anapangitsa madenga awo kwa wowotcherera yemwe uja. Popeza ngolo zakale n'zosowa, iye amagwiritsa ntchito jeke wa galimoto, ndipo madengawo amatseka bwino ndithu. Atate anapita kukaona limodzi, tikuwagwira mkono. Analiyamikira pamaso pa mwini wake, koma pobwerera anandinong'oneza kuti jeke amafuna kupukusa kambiri.

Amuna anga atsala pang'ono kupuma pa ntchito. Masiku ano akuyeza simenti ya kumbali ya khitchini, akuti awonjezere khonde kuti nawonso akhale ndi pokhala masana. Anafunsa atate ngati malata atsopanowo angalumikizidwe ku chopukusa chomwechi, kuti denga lonse lizitsekera pamodzi. Atate anaganiza kaye, akusisita chogwirira chija chimene tsopano chinasalala ndi dzanja lawo.

"Iyayi, apongozi," anatero. "Imwe mukonda mthunzi, ine nikonda dzuwa. Tizayambana. Pangani chanu."

Amuna anga anaseka, n'kupita kukafunsa wowotcherera ngati ali ndi jeke wina.