Nambala ya Kalaliki wa ku Chiparamba

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku kabungwe kena ku Kapata. Ndinkayang'anira pulogalamu ya pakompyuta yotumiza mauthenga a pafoni kwa amayi oyembekezera, kuwakumbutsa tsiku lawo la sikelo. Maina ankachokera ku zipatala zakumidzi, pulogalamu n'kuwasanja yokha, mauthenga n'kupita. Uthenga ukapanda kupita, mayi ankatha kuphonya tsiku lake.

Koma Lolemba lililonse chinthucho chinkaima. Vuto lake linali lomwelomwelo: nambala imodzi ya foni yalembedwa kangapo, pulogalamu yaganiza kuti munthu mmodzi walowetsedwa mobwereza, basi yakana kupitiriza. Zinkandikwiyitsa koopsa. Ndinkafufuta mizere yobwerezedwayo, kusiyapo umodzi, n'kuyambitsanso pulogalamuyo. Lolemba lotsatira, zomwezo. Ndinasintha kompyuta, ndinatukwana netiweki, ndinalembera zipatala malangizo okwana masamba atatu amene ndikukayika ngati wina anawawerenga. Ndinafika poti ndikangokumbuka kuti mawa ndi Lolemba, mutu unkayamba kuwawa.

Patapita miyezi m'pamene ndinaona kuti nambala yovutayo inali imodzi yomweyo, yochokera ku kachipatala kena cha ku Chiparamba. Ndinakwera minibasi mawu okalipa ndawakonzeratu.

Kalaliki wake anali bambo achikulire ophunzira ku mishoni, atamanga tayi dzuwa likuswa mtengo. Moni ndinapereka wachidule.

"Bambo, nambala iyi mukungoibwerezabwereza bwanji? Mukundiwonongera sisitimu!"

Anayang'ana mosapupuluma pepala limene ndinalembapo nambalayo.

"Imeneyi ndi nambala yanga, mwana wanga. Amayi ambiri kuno alibe foni. Fomu yanuyo imakana ndikasiya mpata, ndiye ndimalembapo yanga. Meseji ikafika, ndimakwera njinga kukamuuza mwini wake."

"Onsewa, inu nokha?"

"Nanga apite ndani? Koma makina anuwa ndi aulesi. Ndikalemba amayi asanu, amanditumizira ya mmodzi basi."

Apa m'pamene ndinazindikira. Mizere ndinkafufuta ndikung'ung'udza ija anali anthu osiyanasiyana. Kukonza pulogalamu kuti izizindikira mayi ndi nambala ya khadi lake la sikelo, osati ya foni, kunanditengera masana amodzi okha. Ndinachitira pomwepo patebulo pawo, ndikudzikwiyira ndekha.

Nditamaliza, bambo aja anatsegula kaundula n'kuloza dzina lina.

"Uyu anaphonya sikelo kawiri. Ine ndinkangoti meseji yachedwa. Magazi ake anathamanga kwambiri ife osadziwa. Iye anapulumuka, koma mwana ayi."

Ndinawauza kuti si makina, ndine amene ndinachotsa dzinalo. Anatseka kaundula uja n'kutulutsa njinga yawo.

"Amakhala pafupi. Tiyeni tikamuone."

Ndinakwera pakaliyala, ndipo njira yonse ndinkafunafuna choti ndikanene, osachipeza.