Imelo Yokhudza Amayi a Pansi Pathu

Ndinakhala mlembi wa komiti ya kondo yathu ku Germantown, kuno kutsidya kwa nyanja, chifukwa ndinalephera kukana. Kondo ndi chinyumba chimodzi chachikulu, banja lililonse lili ndi gawo lake limene linagula, koma denga, makonde ndi poimika magalimoto n'za tonse, ndipo komiti ya anthu asanu ndiyo imaziyang'anira. Tsiku la chisankho palibe anafuna ulembi. Azakhali anga, amene ndinkakhala nawo, anandigwira dzanja n'kulikweza.

"Mtsikana uyu amalemba bwino," anatero. "Kusukulu kwawo ukaiwala moni m'kalata unkasesa bwalo lonse."

Anthu anaseka, ine ndinayang'ana pansi, basi ulembi unali wanga.

Pansi pathu pankakhala amayi ena achikulire, mbadwa ya konkuno, amene kale ankayendetsa basi ya ana asukulu. Ankakhala okha. Ine ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba, choncho ndinaona msanga zimene ena sankaona. Ankandifunsa dzina kawiri pa moni mmodzi. Tsiku lina masana ndinamva fungo la chopserera, nditatsika ndinapeza poto atauma pa sitovu, iwo ali phee pampando, akuonera TV.

Kwathu matenda sitibisa. Uthenga umayenda khomo ndi khomo kuti anthu akazonde, wina akatunge madzi, wina akasese. Choncho ndinalembera imelo anzanga anayi a m'komiti. Ndinayamba ndi moni wokwanira, ndinafotokoza za potoyo, ndinatchula ngakhale dzina la matenda amene ndinkawaganizira. Pomaliza ndinapempha kuti tizisinthana kuwayendera.

Mayankho anabwera tsiku lomwelo, aliyense akuyankha kwa tonse. Za kuwayendera palibe anatchula. Apampando analemba kuti amayiwo adzatiotchera nyumba. Wina anati munthu wotero malo ake si pano. Wachitatu anati tiwalembere kalata yoti apeze wokhala naye, apo ayi asamuke. Onse anayi anavomera pa imelo pomwepo, n'kundiuza kuti ndilembe kalatayo. Ndinailemba mosamala, mtima ukuwawa, n'kuitumiza. Akuluakulu anali atanena.

Patatha milungu ingapo tinalandira kalata ya loya wa mwana wamkazi wa amayi aja. Ankafuna imelo zonse zonena za amayiwo. Loya wa komiti yathu anatiitana ku ofesi kwake.

"Koma izi zili m'foni mwanga, pa imelo yangayanga," ndinatero motsitsa mawu.

"Ngati munalemba za komiti, khoti likhoza kuzifuna," anayankha. "Ndipo nkhani ngati iyi imagamulidwa pa msonkhano woitanidwa bwino, osati pa foni. Kuchotsa munthu m'nyumba mwake chifukwa cha matenda, malamulo amati ndi tsankho. Chonde, pasapezeke wofufuta kalikonse."

Tikutuluka, apampando anayenda pafupi nane mpaka pa galimoto.

"Achinyamata inu mafoni mumawadziwa," anatero akumwetulira. "Zinthu zimasowa, eti? Zikasowa, kalata yathu ikhala momwe ilili."

Ndinati ndamva. Sindinkadziwa kuyankha kwina kwa munthu wamkulu.

Kunyumba ndinapeza azakhali akusita yunifolomu yawo ya unesi. Nditawafotokozera, anaimika simbi.

"Iwe, ukufuna kusangalatsa ndani? Bambo ameneyo ndi malume ako?"

"Ayi, azakhali, koma ndi apampando."

"Apampando a makonde ndi zinyalala! Ukafufuta, wolakwa ndiwe. Ndipo amayi aja akatuluka ndi masutikesi, udzawanyamulira ndiwe?"

M'mawa mwake ndinapita ku laibulale kukasindikiza zonse. Imelo yanga inali pamwamba, ndi moni wake wautali uja. Nditaiwerenga papepala ndinachita manyazi. Ndinali nditalemba matenda a munthu ngati ndine dokotala wake, n'kuwapereka kwa anthu amene sanamwepo naye ngakhale tiyi. Sindinachotse tsamba lililonse. Ndinakapereka kwa loya wathu.

Komiti inaitanitsa msonkhano wa eni nyumba onse, ndipo kalata yathu yopita kwa amayi ija inathetsedwa pamaso pa anthu. Apampando sanandiyang'ane. Sindiwada, nawonso ankaopa moto, ndipo anali ndi zidzukulu pa nsanjika yachitatu.

Msonkhano utatha, mwana wa amayi aja anandiimitsa pakhonde. Anali wamkulu kwa ine, maso ali ofiira.

"Ndinu munalemba imelo yoyamba ija?"

"Ndine. Pepani kwambiri."

"Ndaiwerenga katatu. Ndinu nokha amene munafuna kuwayendera. Koma za poto ndazimva kwa loya. Nambala yanga ili pakhoma, pafupi ndi chitseko chawo. Bwanji simunandiimbire ine?"

Nambalayo ndinkaiona nthawi zonse, koma ndinkaopa kuimbira munthu wosamudziwa n'kumuuza kuti amayi ake ayamba kuiwala.

Sabata yotsatira mwanayo anabweretsa sitovu yozima yokha ndi munthu wowasamalira masana. Amayi aja anakhalabe m'nyumba mwawo zaka zina ziwiri, mpaka pamene mwana wawo anawatenga yekha kukakhala nawo.