Pulofesa wa Kuseri kwa Telala

Dzina langa ndine Hezron Luhanga, koma mukafunsa dzina limeneli pa boma pa Rumphi anthu amayamba ayang'anizana kaye. Mukati mukufuna Pulofesa, aliyense akulozerani kanjira kopita kuseri kwa telala. Dzinali anandipatsa ndi ana a Folomu 2 kalekale, ndipo sichinali chifukwa cha ulemu. Ndinkavala jekete ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndiye anawo anaganiza kuti munthu wodzizunza chotero ayenera kukhala wophunzira kwambiri.

Ndinabadwira m'chigwa cha Henga. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo ankauza aliyense kuti mwana wawo adzavala mkanjo wa ku yunivesite. Mayina a osankhidwa atatuluka, langa panalibe. Ndinakachita za uphunzitsi, n'kutenga dipuloma, ndipo ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi ziwiri m'masukulu a sekondale oyendera. Ana ankandiopa. Masiku amenewo ndinkayesa kuti kuopedwa ndiye kudziwa ntchito.

Nditapuma pa ntchito mu 2019 ndinati ndilime fodya ngati anzanga a kumudzi. Ndinajambula munda papepala, mizere ndinawerengera pa kalikyuleta, mapando ndinayeza ndi rula. Fodya sanalabadire masamu anga. Wina anapsa ndi dzuwa, wotsalayo anawolera m'chigafa chomwe ndinamanga ndekha. Mkazi wanga, NyaMsiska, anaima pakhomo la chigafacho atagwira mphuno.

"Awiske Joel," iye anatero, ponditchula ndi dzina la mwana wathu, "bwererani ku choko. Khasu silikukufunani."

Ku tchalitchi ndinkamva aphunzitsi ndi anamwino achinyamata akudandaula. Ambiri ankachita digiri uku akugwira ntchito, ndipo onse ankalira ndi chinthu chimodzi: kafukufuku wa chaka chomaliza ndi masamu ake. Ndinati apa ndiye panga. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa telala, ndinaikamo bolodi, tebulo ndi mipando itatu, n'kulembetsa chikwangwani chakuti "Thandizo la Maphunziro kwa Ophunzira a ku Yunivesite". Sindinalembepo kuti mwini wake ku yunivesite anangopitako kukaperekeza mwana wa mlongo wake.

Masabata atatu oyamba anabwera anthu awiri. Mmodzi ankafuna fotokope. Wina anasochera, ankafuna telala.

Kenako anabwera Overton, mphunzitsi wa pulayimale wonenepa bwino, amene anakhala pansi ndisanamuuze. Anati alibe nthawi, ndiye ndimulembere kafukufuku yense, iye adzangoikapo dzina. Ndinaimirira n'kumulalikira za chilungamo kwa mphindi khumi, mpaka telala anaimitsa makina kuti amve. Overton anatuluka mwamanyazi, ndipo mbiri inafalikira yakuti Pulofesa ndi munthu wa mfundo. Lero ndikhoza kuulula. Chilungamo chinalipo ndithu, koma chachikulu chinali chakuti kafukufuku wa digiri ndinali ndisanamuonepo ndi maso, ndipo sindinkadziwa kuti amayambira pati.

Amene anasintha zinthu ndi Isabella Harawa. Analowa Lachiwiri lina m'mawa, atavala yunifolomu ya unamwino, chikwama chili paphewa.

"Monire, asambizgi," anatero, moni wa kwathu kwa mphunzitsi, akupinda mawondo pang'ono. "Mwandikumbuka?"

Ndinanama kuti nkhope ndiyo ndikuikumbuka.

"Ndine Isabella. Munandiphunzitsa Folomu 3. Munandiuza pamaso pa kalasi yonse kuti masamu si anga, bola ndikaphunzire kusoka."

Makina a telala ankalira kuseri kwa khoma ngati akuchitira umboni. Ndinayamba kufotokoza kuti aphunzitsi nthawi zina amalankhula mokalipa pofuna kulimbikitsa mwana, koma ndinasiyira panjira. Ndinangoti, "Ndinalakwa, mama. Pepani chomene."

"Ndinalira sabata yonse," iye anatero. "Koma sindinabwerere zimenezo. Ndabwera chifukwa mumadziwa masamu, ngakhale pakamwa panu panali poipa."

Isabella ankagwira ntchito pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo ankamaliza digiri ya za umoyo ku yunivesite ya ku Khondowe. Ankafufuza chifukwa chimene amayi ambiri amasiyira kupita ndi ana kusikelo mwana akangokwanitsa chaka. Anali atafunsa amayi 120 ndipo mayankho awo anali atawalowetsa kale mu laputopu. Anaitsegula n'kuitembenuzira kwa ine. Pagalasi panali timabokosi tambirimbiri, ndi mawu amene sindinawaonepo chibadwire.

Munthu wanzeru akanati sindidziwa. Ine ndinakhosomola n'kunena kuti makina amenewa ndi amene akuononga mitu ya ana a masiku ano, ndipo masamu enieni amachitidwa ndi manja. Ndinamuuza kuti abweretse mapepala onse a mafunso.

Ndinatha masiku atatu ndikuwerenga mapepala aja. Ndinalemba timizere pabolodi mpaka inadzaza, ndinapitiriza pamakatoni amene telala anandipatsa. Jekete inayera ndi choko. NyaMsiska atabweretsa mbatata ya masana tsiku lachiwiri, anayang'ana makatoni aja n'kufunsa ngati ndayambanso kulima fodya. Lachisanu Isabella atabwera ndinamulandira ngati munthu amene wapha njovu. Ndinamuonetsa yankho langa nditalizunguliza kawiri.

Iye anatsegula laputopu, anadina malo atatu, ndipo ndisanamalize kupukuta magalasi yankho linali litatuluka. Linali losiyana ndi langa.

"Makina alakwitsa," ndinatero.

Tinawerenganso mapepala limodzi. Anakwana 113. Asanu ndi awiri otsalawo tinawapeza pansi pa mwendo wa tebulo, pomwe ndinawapinda ndekha Lachitatu kuti tebulolo lisiye kugwedera.

Isabella anaseka mpaka anagwira khoma. Ndinadikira kuti anyamule chikwama azipita, ndipo ndikanamumvetsa. Koma atapukuta misozi anakhalanso pansi, n'kuloza nambala ina yaing'ono pakona pa galasi.

"Asambizgi, kudina ndimatha. Koma iyi ikutanthauza chiyani? Alekichala anati tikaiona yachepera apa tizilemba kuti pali mgwirizano. Ndimangolemba. Akadzandifunsa chifukwa chake ndidzangoti kukamwa yasa."

Apo ndiye ndinapuma bwino koyamba sabata imeneyo, pakuti zimenezo ndinkazidziwa. Ndinatumiza uthenga kwa telala kuti andibwereke mabatani, akuda ndi oyera. Ndinawathira m'chipewa changa n'kumuuza kuti azitola osayang'ana, makumi awiri nthawi iliyonse. Nthawi zina akuda ankachuluka, nthawi zina oyera, chonsecho m'chipewamo anali ofanana. Ndinamuuza kuti nambala ija imayankha funso limodzi lokha. Amayi okhala kutali ndi chipatala aoneka kuti amasiya sikelo msanga kuposa okhala pafupi. Kodi kusiyana kwakukulu chotere kukanatuluka kangati mwamwayi chabe, monga mabatani amachitira, kukanakhala kuti mtunda ulibe kanthu?

Mabatani ali m'manja, anati, "Bwanji simunkaphunzitsa chonchi kale?"

Ndinati kale kunalibe telala pafupi.

Kuyambira tsiku limenelo tinagawana ntchito. Iye ankandiphunzitsa podina, ine ndinkamuphunzitsa tanthauzo la zotulukazo. Anali mphunzitsi woleza mtima kuposa momwe ine ndinalili. Ndikadina polakwika kachisanu ankangoti, "Yesaninso, adada," ndipo sananditumizeko kukaphunzira kusoka. Anandibweretseranso kafukufuku wa anzake amene anamaliza kale, ndipo ndinawerenga zonse mobisa ngati mwana wakuba shuga, mpaka ndinadziwa kuti mutu woyamba umafuna chiyani ndipo wachisanu umatha bwanji.

Tsiku loti akafotokoze kafukufuku wake pamaso pa alekichala, ndinaumirira kumuperekeza. Ndinavala suti ya pa ukwati wa mwana wanga Joel. Pa zitunda zokhotakhota zokwera ku Khondowe ndinayamba kusanza, ndipo galimoto inaima kawiri chifukwa cha ine, amayi ogulitsa nthochi amene tinakwera nawo akundipepesa ngati mwana. Titafika ndinamva kuti m'chipindamo mumalowa ophunzira ndi alekichala okha. Zinali zolembedwa pa kalata imene Isabella anandionetsa kale, koma ine ndinangowerenga tsiku ndi nthawi. Ndinakhala pa benchi panja, n'kumayang'ana nyumba za njerwa zofiira zimene bambo anga ankazitchula m'mapemphero. Mlonda wina anandifunsa ngati ndabwera kudzafunsira ntchito.

Isabella anatuluka patatha ola. Anati anamufunsadi za nambala ija, ndipo anawafotokozera za mabatani m'chipewa. Lekichala wina anaseka, wina analemba china chake papepala. Anakhoza bwino. Chaka chotsatira iye ndi anzake a pachipatala anayamba kupita ndi sikelo m'midzi iwiri yakutali kamodzi pa mwezi, panjinga yamoto.

Isabella ndiye amene anayamba kunditumizira anthu. Pano ndili ndi ophunzira khumi ndi mmodzi, ena aphunzitsi, ena anamwino, mmodzi ndi wogwira ntchito ku Chelinda, kumapiri, amene amatsika kamodzi pa mwezi. Ndinagula laputopu yakale imene imatentha ngati simbi. Amene akufuna kulemberedwa ndimawabwezabe, ndipo tsopano ndimatha kunena moona kuti ndikukana chifukwa sindikufuna.

Sikuti ndasanduka katswiri. Mwezi wa Meyi ndinafufuta mutu wonse wachinayi wa wophunzira wina pofuna kumukonzera chizindikiro chimodzi cha mpatuliro, ndipo tinaupeza chifukwa choti anali atautumizako kwa mnzake pa foni. Nkhaniyo inayenda msanga kuposa chikwangwani changa. Sabata yatha kunabwera mlangizi wa zaulimi wochokera ku Ntcheu, dzina lake Limbikani, amene wangosamutsidwira kuno. Anapereka moni mwaulemu, anatulutsa laputopu, koma anaiika pamiyendo pake, kutali ndi tebulo.

"Andiuza kuti manambala mumawatanthauzira bwino kwambiri, bambo," iye anatero. "Koma andichenjezanso kuti muziloza ndi pensulo, kudina ndizidina ndekha."

Ndinafuna kukwiya, koma pensulo inali kale m'manja mwanga. Ndinakoka mpando n'kumufunsa kuti alimi amene anawafunsa ndi angati.