Kapitawo Wovala Chitenje

Kukamacha, nkhungu ya chiperoni isanachoke pamwamba pa minda ya tiyi, a Blackson Mulepa ankatuluka m'nyumba ndi ndowa ziwiri. Yaikulu inali yokamira, yaing'ono inali ya thole. Ankayamba kukama mayi wake, n'kupungulako mkaka ukadali wofunda, kenako ankasuzumira kunjira, uku ndi uku. Akaona kuti kuli zii, ankatenga chitenje chobiriwira chimene chinkagona pamsomali kuseri kwa khola, n'kuchimanga m'chiuno pamwamba pa buluku, duku kumutu. Akatero m'pamene ankalowa kwa thole lija.

Amene anawadziwa kale sakanakhulupirira. A Mulepa anakalambira pa esiteti ali kapitawo wa anthu othyola tiyi, ndipo mawu awo ankadumpha chigwa. Akakuwa kuti akufuna masamba awiri ndi kansonga basi, ngakhale wothyola wa kutsidya ankayang'ana m'dengu lake. Kutchalitchi, kumene anali mkulu wa mpingo, sankawapatsa chimkuzamawu, pomvera chisoni ana akhanda. Atapuma ntchito analowa gulu la alimi a ng'ombe za mkaka, n'kulandira ng'ombe ya mawanga akuda ndi oyera. Lamulo la gulu linali lakuti thole loyamba kubadwa ulilere bwino, likakula upatse banja lina lomwe lili pamzere. Pamzerepo panali mayi Victoria a ku Nchilamwela, amene anali atamanga kale khola n'kubzala nsenjere, nsenjerezo mpaka kukalamba zikudikira mwini wake.

Mulungu anawakomera mtima, ng'ombe ija inabereka thole. Ntchito anagawana ndi akazi awo a Margret. Bambo ankadula nsenjere ndi kupalasa njinga kukagulitsa mkaka. Mayi ndiwo analilekanitsa thole ndi make litangomaliza kuyamwa mkaka woyamba wachikasu uja, n'kuliphunzitsa kumwera m'ndowa. Ankaviika zala mumkaka, thole n'kumayamwa zalazo, iwo n'kumatsitsa dzanja pang'onopang'ono mpaka mlomo wake kufika mumkaka. A Mulepa ankangodutsa, amvekere imeneyo si ntchito, n'kusewera ndi mwana.

Ndiye kunabwera uthenga woti mwana wawo Hazel, amene anali wodwala pakati, wagonekedwa kuchipatala ku Makwasa kuyembekezera tsiku lake. A Margret ananyamula mtolo kukamudikirira. Ponyamuka anayesa kufotokoza za thole, koma amuna awo anawadula, kuti munthu amene analamulira chinamtindi cha anthu sangaphunzitsidwe kulamulira kanyama kamodzi.

M'mawa mwake anaika ndowa pansi n'kulamula thole kuti limwe. Thole linawayang'ana, n'kutembenuka kuloza kukhoma. Anakweza mawu. Linanjenjemera n'kukodza. Anayesa kulikanikiza mutu m'ndowa, mkaka wonse unathera m'nsapato zawo. Madzulo zinali chimodzimodzi, mawa lake chimodzimodzinso. Makutu a thole anagwa, nthiti zinayamba kuwerengeka, mphuno yake inauma. Kulibwezera kwa make kunakanika, chifukwa makeyo anali ataliiwala, ankangoliponda. A Mulepa anasiya kudya bwino. Ankaona m'maganizo mayi Victoria ataima pakhola lopanda kanthu, ndi gulu lonse likunong'onezana kuti kapitawo wapha ng'ombe ya mwini.

Chipulumutso chinabwera ndi mvula. Tsiku lina kutayamba kuwaza, anakumbukira chitenje chimene akazi awo anachiiwala pampanda, chomwe ankavala polowa m'khola. Anachikoleka paphewa, n'kudzera kwa thole kuti aone ngati likupumabe. Thole linadzutsa mutu, linanunkhiza, n'kudzambatuka mwa dzandidzandi kuwatsatira. Anathamanga kukafunditsa mkaka. Atachikoleka paphewa linkamwa pang'ono n'kusiya, koma atachimanga m'chiuno linamwa ndithu. Duku anawonjezera okha, chifukwa likamaliza kumwa linkafuna kuyamwa dazi lawo. Chinatsala n'chimodzi, mawu. Akangotsokomola mwachimuna, thole linkalumpha. Choncho bambo uja anayamba kulankhula chapansipansi, mokoma, monga sanalankhulirepo ndi munthu aliyense chibadwire.

Vuto linali lakuti njira ya othyola tiyi inkadutsa pafupi ndi khola. Ngakhale ankasuzumira bwanji, tsiku lina anapezeka. Mayi Lilly, amene anathyola tiyi zaka zambiri pansi pa ukali wa a Mulepa, anaima ndi dengu kumsana, anzawo ataunjikana kumbuyo. Anagwada mwaulemu wonse.

“Mwadzuka bwanji, amayi? Kodi akapitawo alimo?”

A Mulepa anamva mawu awo akale akukwera kukhosi. Koma zala zinali m'kamwa mwa thole, ndipo ndowa inali isanafike pakati.

“Achokapo,” anayankha ndi timawu tating'ono.

Amayi aja anafika mochedwa kuntchito tsiku limenelo, chifukwa ena anachita kukhala pansi m'mizere ya tiyi, akufa ndi phwete.

Nkhani inafika kumpingo. A Dixon, mkulu mnzawo, anabwera mamawa atavala jekete kudzaona okha ngati n'zoona kuti mkulu wa mpingo akuvala zachikazi. Analankhula modekha, kuti zoterezi zingakhumudwitse ofooka m'chikhulupiriro. A Mulepa anangovula chitenje, n'kuwapatsa a Dixon ndowa kuti ayese iwo. Thole linabwerera m'mbuyo, n'kubwera ndi mutu kudzagunda ndowayo. Pamene a Dixon ankapukuta mkaka pajekete, ananena kuti nkhaniyi njofunika kuipempherera kaye, isathamangiridwe. Sinakambidwenso.

A Margret anabwerako ndi uthenga wabwino wa mdzukulu, n'kupeza amuna awo ali chiweramire m'khola. Anaima nthawi yaitali, mtolo uli pamutu.

“Bambo a Hazel, mwamanga chozondoka. Mbalame za pachitenjepo miyendo ili m'mwamba.”

Anatenga chitenje chawo, anachichapa, m'mawa n'kulowa nacho m'khola monga kale. Thole linawanunkhiza, n'kutembenukira kukhoma. Linali litazolowera fungo la chitenje chosakanikirana ndi thukuta la kapitawo ndi girisi wa njinga. A Margret anatuluka, n'kupachika chitenjecho pamsomali, ndipo kuyambira tsikulo iwo ndiwo ankadula nsenjere.

A Mulepa analilera thole lija mpaka kulisiyitsa mkaka. Ankaliyambitsa madeya a m'manja owaza kamchere, kenako nsonga zofewa za nsenjere zoduladula, madzi oyera osasowa. Akaliona likutsekula m'mimba ankakhala pakhomo pa khola ngati pachipatala. Anthu anazolowera, moti ena ankabwera kudzafunsa nzeru za matole awo, iwo n'kumawalangiza ali chimangire. Kunyumba nakonso mawu anatsika. Mdzukulu atabwera kudzaonekera, anagona tulo m'manja mwa agogo ake aamuna, a Margret n'kunena kuti zimene analephera iwo ndi mapemphero a zaka zonsezi yazitha ng'ombe.

Tsiku lopereka linafika thole lili lonenepa, ubweya ukuchita kunyezimira. A Lajabu, amene ankanyamula katundu wa gulu, anabwera ndi lole yawo, mayi Victoria atakhala kutsogolo, akulira ndi chimwemwe. Thole linakana kukwera. Amuna anayesa kukoka ndi kukankha, osatheka. A Mulepa anamanga chitenje ndi duku pamaso pa gulu lonse, n'kukwera okha patsogolo, thole n'kuwatsatira bwinobwino. Kutsika kwawo ndiko kunavuta, poti akati atsike thole nalo linkawatsatira. A Lajabu anachita kuwafunsa ngati nawonso alembedwa kuti aperekedwe.

Atatsika anapita pazenera la lole pomwe panali mayi Victoria, anavula duku n'kulifumbata ngati chipewa.

“Mayi, likadzabereka mudzanditumizire mawu. Musadzavutike ndi kumwetsa. Ndidzabwera ndekha, chitenje ndili nacho.”

Mayi Victoria anayang'ana a Margret, a Margret anayang'ana kumwamba, a Lajabu n'kuliza injini. Pano ng'ombe ija ili ndi bere lalikulu, amene adutsa ku Nchilamwela akuti yatsala pang'ono. A Mulepa amafunsa aliyense wochokera kumeneko ngati wapatsidwa uthenga wawo, koma mpaka lero mayi Victoria sanayankhe.