Kamakina kowerengera mamita a madzi

Nditabwerera ku ntchito, patatha sabata ziwiri chiikireni amuna anga m'manda, ndinapeza kamakina patebulo panga, kotalika ngati sopo wochapira. Ofesi yathu inali ku Limbe, pamwamba pa sitolo ya nsalu ya amwenye. Tinalipo atatu: ine, abwana, ndi bambo wina wa ku Nsanje amene ankalumikiza mawaya.

"Mayi, musadzikakamize," anatero abwana. "Kungoti a komiti ya madzi ku Chilobwe akufuna owerenga mamita asiye makope, azilemba m'kamakinaka. Pulogalamu yathu ija yosunga mayina ndi manambala ilowemo."

Ndinangoti chabwino.

Pulogalamuyo tinailembera kompyuta yaikulu, ndipo m'kamakinamo malo anali ochepa. Ndinayamba kuidula. Ndinachotsa gawo lolola anthu ambiri kulemba nthawi imodzi, poti kamakinako kamagwiridwa ndi munthu mmodzi. Ndinachotsanso losanja malipoti. Zina mwa izo ndinazilemba ndekha zaka zam'mbuyo, ndikunyadira, koma pozifufuta sindinamve kanthu. Masana ndinkadya tchipisi chimene bambo aja ankandigulira, osamva kukoma kwake. Poweruka ndinkakwera minibasi ya ku Nkolokosa, ndipo kawiri konse kondakitala anachita kundikumbutsa kuti ndafika.

Chimene chinavuta kwambiri chinali batire. Likatha munthu ali m'kati molemba, zonse za tsikulo zinkasokonekera. Ndinakonza zoti kamakinako kaziyamba kalemba pambali, kenako n'kusamutsira pamalo pake. Poyesa, ine ndinkalemba nambala, bambo aja n'kuzula batire, ine n'kuyatsanso, n'kuona zimene zatsala. Tinachita zimenezi masiku anayi.

Tsiku lachinayilo bambo aja anaima, batire lili m'manja.

"Achemwali, mwaona kuti chiyambire m'mawa palibe chatayika?"

"Zulaninso," ndinatero.

Anandiyang'ana pang'ono, n'kuzula. Tinapitiriza mpaka nthawi yoweruka.

Tinakapereka kamakinako ku Chilobwe Lachisanu. Mayi wina wowerenga mamita anakayesa pampope wa pafupi ndi msika, nambala inasungika bwinobwino, anzake n'kuwomba m'manja. Anandifunsa ngati ndinakapanga ndine. Ndinati ndinangokonza zam'kati.

Pobwerera abwana anandiuza kuti Lolemba ndipume. Lolembalo ndinalawirira ku ofesi ndithu. Ndinapeza atatseka, ndipo ndinakhala pamasitepe mpaka mwini sitolo ya pansi atabwera ndi makiyi a geti.