Tisa waseka ku laibulale

Apongozi, muli bwanji nonse?

Lelo mdzukulu wanu Tisa waseka! Mudziwa kuti chimwalilile atate ake mwanayu salankhula. Ndinamulondola ku laibulale ya ku boma, chifukwa ndinamva kuti amaponya madayisi ndipo ndinaopa njuga.

Si njuga ayi, madayisiwo ndi a sewelo la nthano chabe. Ana akhala mozungulila tebulo, aphunzitsi akusimba nthano, aliyense akusewela ngati munthu wa m'nthanomo. Tisa anaimilila nati, "Ndine Yotamu, mlimi wa thonje, njovu sindiithawa!" Dzina la atate ake, kalankhulidwe komwe! Anzake anaseka, iyenso anaseka mpaka misozi.

Koma apongozi, dzina la malemu sitinalowetsepo munthu monga mwa mwambo. Ndimuletse kodi? Ine mtima wanga ukuti asewele, nyumba yakhala zii nthawi yaitali.