Ndowa Zitatu za a Getzel

A Getzel Rudnitsky ukawapatsa moni ankayamba akuyang'ana kuchokera kuphazi mpaka kumutu, ngati telala woyeza nsalu. Ine ndinkawauza kuti, "A Getzel, ndikadali moyo, maso amenewo bwezani m'thumba." Sankaseka. Ankangoti, "Wanenepa, Solly. Udzatithyola misana."

Ntchito yodyera inali yosoka nsapato, m'kachipinda ka pansi pa sitolo ya mankhwala, mumsewu waukulu wa tauni yathu ya malasha kuno ku Pennsylvania. Koma ife tinkawadziwa ndi ntchito ina. Kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi anatsogolera chevra, kagulu ka amuna osambitsa maliro pa sunagoge wathu. Ntchito yake ilibe malipiro, ndipo amene ukumugwirira sangakuthokoze, poti wagona.

Anabwera kuno nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ali ndi sutikesi imodzi ndi mano owerengeka. Za kwawo ku Poland sankakamba. Kamodzi kokha, tili m'lole yanga, ananena kuti amayi awo, abambo awo ndi alongo awo atatu ataphedwa pankhondopo palibe anawathira ngakhale kapu ya madzi. Ananena akuyang'ana pawindo. Kenako anati ndikuyendetsa ngati chidakwa, nkhani n'kuthera pompo.

Ine ndine Solly Drabkin, wogula ndi kugulitsa zitsulo zakutha. Sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ine ndi aphunzitsi titagwirizana kuti tazunzana mokwanira. Mu chevra sindinalowemo. Ine ndinali wa lole: kunyamula bokosi, mafosholo, ndi kuwatula a Getzel pakhomo pa a Hudak, eni nyumba ya chisoni ya m'tauni muno. Ndikafika pamenepo ndinkayatsa ndudu n'kutsala panja. Mtembo ndimauopa, sindibisa. Munthu amene anakomoka pa mdulidwe wa mwana wa mlongo wake, mukuyembekezera chiyani kwa iye?

Migodi itatsekedwa ana athu anabalalika. Sunagoge amene ankadzaza mpaka m'makonde anatsala ndi mabanja osakwana makumi anayi, ambiri ake oyendera ndodo. Chevra inali ya amuna asanu ndi atatu. A Getzel anawasambitsa anzawowo mmodzimmodzi, wina anathawira ku Florida kuti akafere kofunda, mpaka anatsala awiri: iwo ndi a Velvel Chodosh, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi, imene manja ake ankanjenjemera moti supu inkamwera m'kapu. Maliro akagwa ankachita kuitanitsa amuna kumzinda, ulendo wa maola atatu kudutsa paphiri.

Vuto linali ndowa. Munthu akatha kupukutidwa amathiridwa madzi ndowa zitatu kuyambira kumutu, ndipo madziwo asaduke. Ndowa yachiwiri iyambe yoyamba isanathe, yachitatu chimodzimodzi. Akaduka, muyambirenso. Ndiye pamafunika amuna atatu a mphamvu m'manja. A Getzel kuwerenga mpaka pa zitatu ankatha, ndipo ankadziwanso zimene dokotala anawauza za mtima wawo.

Mu 1994 komiti inaganiza zolemekeza anthu odzipereka pampingo. Wapampando, a Marvin Teitel, dokotala wa mano, anatsikira kukachipinda kaja kudzanena. Ine ndinalipo, ndikudikira jombo zanga.

"A Getzel, tikufuna tikupatseni ulemu."

"Ndalakwa chiyani?"

"Zaka makumi anayi si masewera. Mpingo ukufuna unene zikomo."

"Ntchito iyi satchula dzina. Munamva kuti wosambitsa maliro amamuombera m'manja?"

"Landirani, mdala," ndinalowererapo. "Kudzakhala kugel waulere, chakudya chathu chija cha mbatata zowotcha. Mukakana ndikalandira ndine, ndidzanena kuti ndinkasambitsa lole."

Anakhoma chidendene kanthawi, misomali ili pakamwa. Kenako anailavulira m'dzanja.

"Kudzakhala maikolofoni?"

"Idzakhalapo."

"Ndiye ndibwera."

Mwambo unachitika Lamlungu lina mu Novembala, m'holo ya pansi pa sunagoge, pa nthawi ya nkhomaliro. Mayi Bessie Korn analandira ulemu chifukwa cha kukhitchini, zaka makumi atatu akusenda anyezi wa maukwati ndi wa maliro omwe. Wina analandira chifukwa chonyengerera ng'anjo yotenthetsa nyumba, imene inayenera kufa kalekale koma ankaikaniza. Pomaliza anaitana a Getzel. Anawapatsa kathabwa kokhomapo mkuwa wolembapo dzina lawo. Ine za mkuwa ndimazidziwa, unali wopyapyala ngati chivindikiro cha chitini. Anthu onse anaimirira, oyendera ndodo omwe.

A Getzel anadikira kuti tikhale pansi. Anali atavala suti yawo yakuda, yomwe ija ya kumanda.

"Zikomo," anatero. "Kathabwa aka ndi kokongola, koma sikanganyamule ndowa. Dokotala akuti ndatsala ndi miyezi, mwina chaka. Marvin, abambo ako ndinawasambitsa ine. Mayi Korn, amuna anu ndinawaveka ndi manja awa. Palibe tebulo muno limene sindinaligwirire ntchito. Mwana wanga sangandisambitse, lamulo limakana mwana kusambitsa bambo wake. Ndikufuna amuna atatu. Ndiziwaphunzitsa Lachiwiri lililonse kwa a Hudak. Amene walola aimike dzanja."

Palibe anaimika dzanja. Foloko ya wina inagwa pansi. Kenako munthu wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja, ndipo tonse tinalandira, tinaomba nthawi yaitali kuposa poyamba paja. Kuomba m'manja kuli ndi ubwino wake: manja onse awiri amakhala otanganidwa.

Lamulo limati makohen, zidzukulu za ansembe akale, asayandikire mtembo. Mumpingo mwathu makohen enieni analipo atatu. Pofika nthawi ya tiyi analipo asanu ndi awiri. Ena anakumbukira misana, ena mawondo. A Teitel anawagwira a Getzel paphewa n'kunena motsitsa kuti, "Ine ndikanalola, koma manja anga amalowa m'kamwa mwa anthu. Odwala anga akamva?"

Kenako mdala uja anafika pa ine.

"Nanga iwe?"

"A Getzel, inu ndinu mboni. Ine ndikalowa mmenemo mudzasambitsa awiri."

"Injini ya lole umanyamula. Ndowa ingakukanike?"

"Injini ilibe nkhope."

Anandiyang'ana muja amayang'anira.

"Kanditule kunyumba," anatero.

Lachiwiri lotsatira anapita kwa a Hudak nthawi ya folo koloko, anayatsa getsi m'chipinda chosambitsira, n'kukhalamo ola lathunthu. Sikunabwere munthu. Ndikudziwa chifukwa wowaperekeza ndinali ine, ndipo ndinakhala m'lole ndikusuta, injini ikulira kuti ndisaume ndi chisanu. Sabata yachitatu ndinawauza kuti, "Bwanji tingosiya? Mafuta akudula, ophunzira anu onse akhoza kale mayeso othawa." Anati, "Iwe yendetsa." Tinapitabe Disembala yense, Januwale yense. Chitseko chinali mapazi khumi kuchokera pamene ndinkaimika lole. Ndinkachiona bwinobwino.

Anamwalira Lachinayi lina mu Febuluwale, ali pabenchi yawo, nsapato ya munthu ili pamiyendo. Anawapeza ndi mwini sitolo ya mankhwala. Chipale chofewa chinali chitagwa masiku awiri osalekeza, msewu wa paphiri atautseka. Amuna a kumzinda anaimba lamya kuti afika Lolemba, Mulungu akalola. Mwana wawo anali atatsakamira pabwalo la ndege, sakanatha kufika, ndipo anangoti tichite zimene bambo ake ankafuna. Zimene ankafunazo tonse tinkazidziwa. A Getzel pa zaka zawo zonse sanalolepo Myuda womwalira kugona pamwamba, osaikidwa m'manda, mpaka Sabata kudutsa. Sabata linkayamba Lachisanu dzuwa likamalowa.

Lachisanu m'mawa a Velvel anandiimbira.

"Solly, bwera ndi lole."

"Tikanyamule chiyani?"

"Iweyo."

Ndinayamba ndaimbira nyumba zisanu ndi ziwiri kufuna wachitatu. Ndinamva zifuwa zambiri tsiku limenelo. Mmodzi analiradi pa lamya, wina anali ndi chipale mpaka pawindo, amenewo sindiwanena. Tinapita awiri.

A Hudak ndi chimunthu chachikulu, Mkatolika, wolankhula pang'ono. Kugwira mtembo wathu pa mwambo umenewu saloledwa, ndi ntchito ya Ayuda okhaokha, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa ine. Anaima pakhomo penipeni pa chipindacho, nsapato zawo osadutsa mzere wa matailosi. Ine ndinalowa ndikuyang'ana kudenga. A Velvel anatsegula kabuku ka mapemphero, anawerenga mizere iwiri, kenako anaima. Zaka zonsezi iwo anali owerenga chabe, ogwira anali ena, ndipo mutu unali utayamba kutaya zinthu.

"Sambani m'manja kaye," anatero a Hudak chapansipansi. "Muyambe mbali ya kumanja. Nsalu musaichotse yonse, muzivundukula pamene mukupukuta pokha. Chinthu musapatsirane pamwamba pawo, muzizungulira."

Ndinawayang'ana.

"Malachiwiri aja ankaphunzitsa ine," anatero. "Panalibe wina."

M'chipinda chimenecho salankhula zopanda pake, ndiye pakamwa panga panatsekeka koyamba chibadwire. Sindinakomoke. Ndinkafuna, koma panalibe wondiwakha. Ndinawapukuta nkhope, khosi, dzanja lamanja. M'zikhadabo munali polishi wakuda wa zaka makumi anayi, ndinamuchotsa ndi kamtengo chala chimodzichimodzi. Pamkono wamanzere panali manambala amene anawalemba kumsasa wa akaidi nthawi ya nkhondo. Ndinapukuta mozungulira, ngati pali bala.

A Hudak anatunga ndowa zitatu n'kuziika pamzere paja. Tinapendeketsa thabwa kuti mutu ukhale m'mwamba. Nzeru inali imodzi yokha: ine yoyamba, a Velvel yachiwiri, ine ndithamangire yachitatu.

Ulendo woyamba ndowa inawapulumuka a Velvel isanafike n'komwe pachifuwa. Madzi anamwazika pansi ponse. A Hudak anatenga ndowa, anakatunganso. Ulendo wachiwiri a Velvel anaikweza, koma mochedwa, yanga itatha kale. Tonse atatu tinaona, panalibe chokambirana. Malaya a a Velvel anali atanyowa mpaka m'mimba, milomo itachita bii. Wotchi ya pakhoma inali itadutsa thu koloko, ndipo kumanda ndi mtunda, msewu wake wosachotsamo bwino chipale.

"Uku ndi komaliza, mwanawe," anatero akupumira m'mwamba. "Manja atha."

Ndinathira yanga pang'onopang'ono kuti ndiwapatse mpata. Anaikweza yawo, anaitsamiritsa m'mphepete mwa thabwa, madzi awo anakumana ndi anga bwinobwino. Ndinaponya yanga pambali n'kudumphira yachitatu. Koma manja onjenjemera sasunga madzi. Ndowa yawo inakhuthuka msanga, ndipo pakati pa dontho lawo lomaliza ndi madzi anga oyamba panadutsa kanthawi, kotalika ngati mpweya umodzi. Ndinaiona nkhope ya a Getzel ili poyera, yopanda madzi oyenda pamwamba pake. Kenako anga anafika.

A Velvel anali atatsinzina chifukwa cha kulemera. Anatsegula maso ndowa yanga ikutha.

"Anaduka?"

Ndinayang'ana kwa a Hudak. Iwo anali akuyang'ana nsapato zawo. Ndinayang'ananso manja a nkhalamba ija, akugwedezeka okha ngati si ake.

"Sanaduke," ndinatero.

"Wayera, wayera, wayera," anatero a Velvel, monga mwa mwambo.

Tinawapukuta, tinawaveka zoyera, a Hudak akutiuza chovala choyamba ndi chotsatira, ndi kapotedwe ka lamba, poti samanga mfundo. Tinawafunditsa nsalu yawo yopempherera titadula mphonje imodzi. Anali opepuka powaika m'bokosi, opepuka kuposa ndowa zija.

Tisanatseke, a Velvel anati tsopano aliyense apepese kwa womwalira, pomutchula dzina. Izi zokha sanaiwale. Anaima kumutu n'kunena kuti, "Getzel mwana wa Avrom, ngati talakwitsa pena utikhululukire. Zonse tachita pofuna kukulemekeza." Anasuntha kuti ndifike ine.

Ndinawerama mpaka pafupi ndi khutu lawo kuti a Velvel asamve.

"A Getzel, ndine Solly. Madzi anaduka. Wachitatu sanapezeke, ndipo mphamvu zoyambiranso panalibe. Mlandu ndi wanga, a Velvel sakudziwa."

Ndinadikira pang'ono. Sindikudziwa chimene ndinkadikira. Kenako a Hudak anatsokomola pakhomo paja n'kuloza wotchi, ndipo tinatseka bokosi.